Kodi n'chifukwa chiyani magemu a njinga zamoto samveka ngati njinga yeniyeni, pomwe a galimoto amayandikira?

WaTafara125 analemba:

Moni nonse abale anga. Funso langa likupita kwa inu amene mumasewera magemu a mpikisano wa galimoto ndi njinga zamoto, makamaka aja amene anapangidwa kuti atsanzire kayendedwe kenikeni ka makina, osati aja amene munthu amagunda khoma n'kupitirira ngati palibe chachitika. Ntchito yanga ndi yopereka katundu pa njinga yamoto ya 125cc mu Harare muno, kuchokera m'tauni kupita ku Msasa, ku Ruwa mpaka kwathu ku Tafara, kotero thupi langa limadziwa momwe njinga imachitira ikalowa pakona kapena tayala lakutsogolo likaponda mchenga. Madzulo magetsi akakhalapo ndimasewera magemu a njinga a Ride 4 ndi MotoGP pa PlayStation 4 pogwiritsa ntchito padi, kachipangizo kam'manja kokhala ndi mabatani ndi timandodo.

Chimene chikundidabwitsa ndi ichi. Ndikasewera Gran Turismo 7 kwa mnzanga amene ali ndi chiwongolero cha Logitech G29, ndimamva m'manja galimoto ikayamba kuterereka ndipo ndimaibweza ndisanaganize n'komwe, ngakhale kuti galimoto yeniyeni sindiyendetsa kawirikawiri. Koma pa njinga, yomwe ndiyo ndimaidziwa bwino, ndimangoona wokwerayo ali pansi popanda chenjezo lililonse. Kodi chimene chikuperewera chili mu magemuwo, mu padi, kapena mwa ine? Ndipo pa ndalama zochepa zimene ndasunga, kodi ndi nzeru kugula chiwongolero chogwiritsidwapo kale ntchito n'kusamukira ku galimoto, kapena pali gemu ya njinga imene ingandikhutiritse?

Makaniko_Mufakose anayankha:

Achimwene, musadzikayikire, chifukwa zimene mwaonazo zili ndi chifukwa chake chomveka bwino, ndipo inu amene mumakwera njinga tsiku ndi tsiku ndinu amene muyenera kuziona msanga kuposa munthu amene sanakwerepo.

Mu galimoto, zambiri zimene woyendetsa amachita zimadutsa m'manja ndi m'mapazi, ndipo uthenga wofunika kwambiri wochokera ku matayala akutsogolo umabwerera kudzera mu chiwongolero chomwecho. Matayala akamagwira bwino msewu chiwongolero chimalemera, akayamba kutaya msewu chimapepuka. Opanga magemu amawerengetsera mphamvu imeneyi n'kuitumiza ku mota imene ili mkati mwa chiwongolero chanu, ndipo n'chifukwa chake G29, ngakhale imagwiritsa ntchito magiya ndipo imachita phokoso, inakuuzani zoona zokwanira kuti mubweze galimoto. Munthu wakhala pampando, wagwira chozungulira, waponda chopondera: mmene mumakhalira pabalaza ndi mmene woyendetsa weniweni amakhalira sizisiyana kwenikweni.

Njinga si choncho. Inu mukudziwa kuti mukakhala pa liwiro ndipo mukufuna kukhotera kumanja, simupotoza mahandulo kupita kumanja. Mumakankha pang'ono handulo lakumanja kutsogolo, tayala limayang'ana kumanzere kwa kanthawi kochepa, njinga imapendekera kumanja, ndipo kupendekako ndiko kumakhotetsa. Okwera ambiri amachita zimenezi osadziwa kuti akuzichita. Kuwonjezera apo pali mawondo amene afinya thanki, mapazi amene akupondereza zopondera, m'chiuno mmene mukumva tayala lakumbuyo, ndi khutu lamkati limene limakuuzani kuti mwapendeka mochuluka bwanji. Padi ilibe njira yoperekera chilichonse mwa zimenezi. Choncho chimene opanga magemu monga a Milestone a ku Milan, amene amapanga Ride ndi MotoGP, anasankha n'chakuti kandodo ka kumanzere kasamayendetse mahandulo mwachindunji. Inu mumapempha kuti njinga ipendeke mpaka pakuti, ndipo wokwera wa mu kompyuta ndiye amakankha handulo ndi kusuntha thupi m'malo mwanu. Pakati pa chala chanu ndi tayala pali munthu wina, ndipo kuchedwa kumene mumamva posintha kuchokera kukona yakumanzere kupita yakumanja ndi nthawi imene munthu ameneyo akusamutsa thupi lake.

Kugwa kopanda chenjezo kumachokera pa mabuleki. Pa njinga ya mpikisano pafupifupi ntchito yonse yoimitsa imagwiridwa ndi buleki yakutsogolo, ndipo tayala limodzi lomwelo liyenera kugawa mphamvu zake pakati pa kuimitsa ndi kukhota. Mukamawonjezera kupendeka muyenera kumamasula buleki pang'onopang'ono, apo ayi tayala limathawa. Okwera a mpikisano weniweni wa MotoGP amapendeka kupitirira madigiri 60, ndipo Brad Binder wa ku South Africa anafika makilomita 366.1 pa ola pa msewu wa mpikisano wa Mugello ku Italy mu 2023 pa njinga ya KTM. Kuchokera pa liwiro lotero kufika pakona yoyamba, zonse zimadalira zala ziwiri za dzanja lamanja. Pa padi, kabatani ka buleki kamayenda mtunda waufupi kwambiri, ndiye kusiyana pakati pa kumanga kokwanira ndi kumanga kogwetsa kumakhala kochepa zedi.

Malangizo anga ndi akuti musiyanitse buleki yakutsogolo ndi yakumbuyo pa makonzedwe a gemu, muchepetse nyimbo ndi phokoso la anthu kuti muzimva injini ndi matayala, ndipo mukweze kunjenjemera kwa padi. Muyambe ndi njinga zing'onozing'ono za Moto3, zimene zimakhululuka, musanakwere zazikulu. Mukadzapeza kompyuta, yesani gemu ya GP Bikes, imene ili ndi njira yoti muziyendetsa mahandulo nokha popanda wokuthandizani. Ndi yovuta kwambiri ndipo zithunzi zake ndi zachikale, koma ndi imene inandimvetsa kuti opanga ake amadziwa njinga.

MayiWaChisoti anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Makaniko pa zonse zokhudza njinga, koma pa funso la ndalama ndikufuna ndilankhule mosabisa: gulani chiwongolerocho. Ine ndimasewera Assetto Corsa Competizione, imene inatuluka mu 2019 kuchokera ku Kunos Simulazioni ya ku Italy, ndipo palibe padi imene ingapereke zimene chiwongolero chimapereka mu gemu imeneyi. Misewu yake anaijambula ndi makina a laser, kutanthauza kuti bampu iliyonse ndi kutsetsereka kulikonse kwa phula zili pamalo pake enieni. Muli Kyalami ya ku Midrand ku South Africa, msewu wa makilomita pafupifupi 4.5 umene anauwonjezera mu 2020, ndipo kwa ife a chigawo chino n'chinthu chokhudza mtima kuyendetsa pamalo amene munthu angathe kukafikapo pa basi. Matayala amayamba ali ozizira, amafuna kuzungulira kangapo kuti atenthe, ndipo mpweya wake ukachuluka kapena kuchepa pang'ono galimoto imasintha khalidwe. Mvula ikagwa, mzere umene aliyense amadutsamo ndi umene umaterera kwambiri chifukwa cha labala yotsalira, ndipo mumayenera kufunafuna kwina kogwira. Zimenezi zimamveka m'manja.

Koma muganizire za moyo wathu wa mu Harare musanasankhe gemu. Gran Turismo 7 ndi yokongola, ndipo mayeso ake a laisensi ndi sukulu yabwino yophunzirira pomangira mabuleki, koma kukula kwake kumapitirira magigabaiti 100 ndipo mbali zake zambiri zimafuna intaneti kuti zitseguke. Kwa munthu amene amagula mabandulo, imeneyi ndi nkhani yaikulu. iRacing, imene inayamba mu 2008 ndipo ngakhale Max Verstappen, katswiri wa mpikisano wa galimoto wa Formula One, amapikisanamo, ndi ya pa kompyuta, imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto ndi misewu zambiri zimagulidwa padera. Ili ndi dongosolo labwino lowerengera kusamala kwa woyendetsa, moti ogunda anzawo amatsalira m'magulu apansi, koma magetsi akathima pakati pa mpikisano mumataya mapointi amene munawavutikira. Komanso opikisana ambiri ndi maseva awo (makompyuta amene amalumikiza osewera) ali ku Ulaya ndi ku America, ndipo kutalika kwa mtunda kumachititsa kuti galimoto ya mnzanu iziwoneka pamene siili, zomwe zimabweretsa ngozi zopanda wolakwa. Magulu a ku South Africa amene maseva awo ali pafupi ndiwo amatiyenera.

Ngati muli ndi laputopu yakale, gemu ya Live for Speed ndi yaing'ono, ili ndi gawo laulere lokhala ndi msewu wa Blackwood, ndipo kamvekedwe ka matayala ake kamalemekezedwa mpaka lero ngakhale inayamba kalekale. Pogula chiwongolero chogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ku Gulf Complex kaya kwa munthu, chilumikizeni pomwepo muone ngati chikuzungulira chokha mbali zonse ziwiri n'kubwerera pakati, mupondenso zopondera zonse zitatu pang'onopang'ono mukuyang'ana pa sikirini ngati muyezo ukukwera bwino osadumphadumpha. Musaiwale adaputala yake ya magetsi, chifukwa popanda iyo mota sigwira ntchito.

Agogo_aMabvuku anayankha:

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira zambiri, koma sindikufuna kuti mwana wa ku Tafarayu asiye njinga. Dziko lino lili ndi mbiri yaikulu pa njinga zamoto imene achinyamata ambiri saidziwa. Gary Hocking, amene anakulira ku Bulawayo, anali katswiri wa dziko lonse lapansi mu 1961 pa magulu a 350cc ndi 500cc atakwera njinga ya MV Agusta. Jim Redman, wochokera mumzinda womwewo, anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi kasanu ndi kamodzi pa Honda pakati pa 1962 ndi 1965. Pa galimoto tinali ndi John Love, amene anatsogolera mpikisano wa Formula One ku Kyalami mu 1967 mpaka vuto la mafuta linamukakamiza kuima, n'kumaliza wachiwiri kumbuyo kwa Pedro Rodríguez. Ndipo Donnybrook, malo a mpikisano wa galimoto ndi njinga, ili pafupi ndi kwathu kuno, mumsewu wa Arcturus; ife a ku Mabvuku ndi Tafara tinakula tikumva kulira kwa injini kuchokera kumeneko masiku a mpikisano.

Mdzukulu wanga anandionetsa TT Isle of Man: Ride on the Edge, gemu ya mpikisano wa njinga wa pachilumba cha Isle of Man, ndipo ngakhale manja anga sathanso kuthamanga ndi padi, ndimakhala pambali pake n'kumaonerera. Msewu wa pachilumbacho ndi wautali makilomita 60 ndi pang'ono, uli ndi makona opitirira 200, ndipo umadutsa pakati pa nyumba, mipanda ya miyala ndi phiri. Redman ndi Hocking onse anapambanapo pamenepo. Masiku ano akatswiri amauzungulira mu mphindi zosakwana 17. Chimene ndinaona n'chakuti gemu imeneyi siphunzitsa thupi, monga a Makaniko anenera, koma imaphunzitsa maso ndi kukumbukira: kuyang'ana patsogolo kumene ukupita osati pa tayala, kudziwa chimene chabisala kuseri kwa chitunda, ndi kuchepetsa liwiro usanalowe pakona osati uli kale mkati. Mdzukulu wangayo anatenga nthawi yaitali asanamalize kuzungulira kamodzi osagwa, ndipo chimene chinasintha sichinali zala zake koma kudziwa kwake msewu. Kwa munthu amene amapeza chakudya pa njinga pakati pa makombi, luso la maso limeneli ndi lamtengo wapatali, bola liwiro la mu gemu lizitsala mu gemu momwemo.

WaTafara125 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu agogo. Za Hocking ndi Redman ndinali ndisanazimvepo. Ndasiyanitsa mabuleki monga munanenera a Makaniko, ndipo pa Moto3 tsopano ndikumva pamene tayala lakutsogolo layandikira kuthawa. Chiwongolero ndigula, koma njinga sindisiya. Funso limodzi lotsala: kodi chiwongolerocho chingagwire ntchito pa magemu a njinga?

Makaniko_Mufakose anayankha:

Musayembekezere zimenezo, achimwene. Magemu a njinga a pa PlayStation anapangidwira padi, ndipo ngakhale pa kompyuta pamene ena amakakamiza chiwongolero kuti chigwire, kayendedwe kake sikagwirizana ndi njinga: G29 imazungulira madigiri 900, pomwe mahandulo a njinga ili pa liwiro amangosuntha pang'ono chabe, ndipo buleki yakutsogolo imafuna dzanja osati phazi. Sungani padi yanu kuti ikhale ya njinga. Mukadzakwanitsa kugula PlayStation 5, padi yake ya DualSense ili ndi timabatani takumbuyo timene timatha kulimba kapena kufewa malinga ndi zimene zikuchitika mu gemu, ndipo pa buleki yakutsogolo zimenezi zimathandiza ndithu. Pa chiwongolerocho, chimangirireni pa tebulo lolimba losagwedera, zopondera muzitsamiritse kukhoma kuti zisathawe mukaponda buleki, ndipo mphamvu ya mota musaikweze mpaka pamapeto, chifukwa ikafika pamenepo timauthenga ting'onoting'ono ta matayala timasowa ndipo mumangomva kulemera kokhakokha.