Bwalo la mpira ndi dambo lodyetsera ng'ombe: tingateteze bwanji kuti pasamangidwe?

Wa ku Domue:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'mudzi mwathu kuno ku Mozambique muli bwalo la mpira, ndipo kumunsi kwake kuli dambo lomwe ng'ombe zimadyako chilimwe chonse. Anthu ayamba kukhoma zikhomo m'mbali, wina waumba kale njerwa. Kodi lamulo limafuna chiyani kuti malo otere akhale a tonse, osamangidwa?

Mlangizi wa za malo:
Choyamba dziwani ngati malowo ali mkati mwa município (dera loyendetsedwa ndi khonsolo ya tauni), monga Ulongue kapena Moatize, kapena kunja. Njira zake n'zosiyana.

Kunja kwa município mumadalira lamulo la malo, Lei de Terras, nambala 19/97. Nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa. Anthu amangokhala ndi DUAT, ufulu woigwiritsa ntchito. Mudzi uli nawo kale ufuluwu mwa chikhalidwe ngakhale popanda pepala, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo umalandiridwa. Lamuloli limawerengera msipu, nkhalango, minda yogonekedwa, zitsime, malo amiyambo ngati manda ndi dambwe, komanso malo oti mudzi udzakulireko.

Koma mawu okha amauluka. Pemphani delimitação, ntchito yolemba malire a mudzi, kudzera ku ofesi za boma la distrito. Anthu amajambula okha mapu a mudzi, amayenda m'malire pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, akatswiri amatenga GPS, kenako zonse zimawerengedwa pamsonkhano zisanalowe mu cadastro (kaundula wa malo) n'kutuluka certidão (chikalata chotsimikizira malirewo). Osaina amakhala 3 mpaka 9, osankhidwa pagulu, ndipo amayi asasiyidwe. Zimalakwika apa: mudzi woyandikana nawo ukapanda kuitanidwa, umadzakana malirewo ntchito itatha. Chinanso, onetsetsani kuti dambolo ndi bwalolo zalembedwa pa mapu ndi ntchito zake. Zikangosiyidwa mbee, wobwera amati ndi tchire lopanda mwini.

Mayi wa ku Ulongue:
Mtauni mawu a amfumu kapena a secretário wa bairro (mtsogoleri wa dera la mtauni) sakwanira. Kumeneko kumagwira Decreto 60/2006, malamulo a malo a mtauni, ndi lamulo 19/2007 la mapulani a malo. Bwalo limatetezeka likalowa mu pulani ya tauni, makamaka plano de pormenor, yomwe imaonetsa talhão (puloti) iliyonse, misewu ndi malo osiyidwa. Pulani isanavomerezedwe anthu amayenera kufunsidwa maganizo, ndipo nthawi yolankhula ndi imeneyo. Ma marco, zizindikiro za malire a puloti, akadzalidwa, mwachedwa.

Mlangizi wa za malo:
Zoona mayi. Ndiwonjezere kuti malo ena lamulo linawatseka kale, simufunika kupempha: mamita 100 kuzungulira kasupe, 250 kuzungulira damu ngati Cahora Bassa, 50 mbali zonse za njanji ndi nthambo zazikulu zamagetsi, 30 m'mbali mwa msewu waukulu, 15 m'misewu yocheperapo, ndi makilomita 2 kutsata malire a dziko. Inu a ku Angónia ndi Tsangano, amene mwatsamira Malawi, mfundo yomalizayi muyiganizire. M'malo amenewa DUAT satuluka, koma chilolezo chapadera chokha. Ngati dambo lanulo lili ndi kasupe, yezani ndi chingwe mamita 100 muone pomwe njerwazo zagwera.

Wa ku Furancungo:
Musazengereze. Munthu wa dziko lino amene wakhala pamalo zaka 10 mwachilungamo, osadziwa kuti akulakwira wina, amapeza ufulu wa DUAT pamalopo. N'chifukwa chake madandaulo muwalembe tsopano, amfumu asaine, mupereke ku posto administrativo (ofesi ya boma yapansi pa distrito), kope limodzi lodindidwa musunge.