Ndege yochokera pa bwalo la Chingodzi ku Tete kupita ku Maputo imatenga maola angati?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa ndikuperekeza amayi ku Maputo kukaona mdzukulu wawo. Pabasi sangathe, msana unawavuta kale, ndipo njira yodzera ku Chimoio ndi Inchope ija mumaidziwa, munthu umafika miyendo itatupa.

Ndiye tikuganiza zokwera ndege pa Chingodzi. Ena akuti ndi maola awiri basi, ena akuti ikaima pa Beira nthawi imatalika. Zoona ndi ziti? Nanga mtunda wake m'mwambamo ndi makilomita angati? Amayi akufunsa zimenezi tsiku lililonse, mantha awagwira, sanakwerepo.

Ife tikuchokera ku Ulongwe wa ku Angonia pa chapa (minibasi). Kodi tingadzuke m'mamawa n'kuipeza, kapena tikagone ku Tete komweko? Amene munayendapo posachedwa, tiuzeni chonde.