Zogulitsa za pa tsiku sizikugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndigawireni nzeru, makamaka inu ogwira ntchito yowerengera ndalama. Ndimayang'anira ndalama pa malo ena oonetsera kanema kuno ku Lilongwe. Timagulitsa matikiti, mbuliwuli ndi zakumwa, ndipo anthu amalipira ndi kashi, khadi pa makina a POS, Airtel Money kapena Mpamba. Filimu yomaliza imatha usiku mabanki atatseka kalekale, ndiye kashi imagona mu sefa. Ya Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu imakalowa limodzi Lolemba pa silipi imodzi.

Abwana akufuna pepala loonetsa kuti zomwe tagulitsa tsiku lililonse zafika mu akaunti. Koma lipoti la pa tilu likanena ndalama yakuti, pa sitetimenti nambala imeneyo palibe. Za pa khadi zimalowa patapita tsiku kapena masiku awiri, zitaperewera pang'ono. Komanso jenereta ikafuna dizilo magetsi atazima, anyamata amangotapa mu dilowa n'kusiyamo kapepala kolemba ndi bolopeni, nthawi zina kopanda deti. Abwana ayamba kukayikira mtsikana wa pa tilu, pomwe ine sindikuona umboni. Pepalali ndilikonze bwanji kuti chosowa chizioneka tsiku lomwelo?

Wa ku Area 18: Achimwene, musafanizire chiwonkhetso chonse ndi banki. Gawani kanayi. Kashi muifanizire ndi silipi ya ku banki, khadi ndi lipoti lomwe POS imatulutsa potseka, za pa foni, Airtel Money payokha ndi Mpamba payokha, ndi sitetimenti ya nambala yanu ya bizinesi. Ndalama yomwe banki imadula pa khadi ikhale ndi mzere wakewake, mudzaona kuti kuperewerako n'komweko.

Mayi a ku Kawale: Za Lolembazo n'zosavuta. Tsiku lililonse envulopu yake, silipi yakenso, ngakhale mukasungitse zonse nthawi imodzi. Pa silipi lembani tsiku logulitsa. Ndipo tchenji choyambira m'mawa chichotsedwe kaye musanawerenge, ambiri amasokonezeka pomwepo.

Wofunsa: Zikomo mayi. Nanga matikiti omwe anthu amagula Lachitatu kuti adzaonere Loweruka?

Mayi a ku Kawale: Pofananitsa ndi banki muwawerengere tsiku lomwe ndalama yalandiridwa. Zoti filimu yaonetsedwa liti ndi nkhani ya buku lina. Onetsetsaninso kuti lipoti la pa tilu ndi zomwe mukupereka ku MRA zikunena chimodzi, chifukwa VAT amawerengera pa zogulitsa, sayang'ana zomwe zafika ku banki.

Wa ku Biwi: Ine langa ndi dizilolo. Dilowa lomwe aliyense amapisamo dzanja simungamuimbe nalo mlandu munthu mmodzi. Abwana apatule kandalama ka zogulagula, kakhale ndi buku lake ndi malisiti. Potseka aziwerenga anthu awiri, wa pa tilu ndi woyang'anira, onse asayine, ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha mpaka pansi.

Wofunsa: Ndamva. Kodi alipo amene ali ndi pepala la Excel lokonza kale, lokhala ndi malo a ndalama zomwe zidakali m'njira? Andiponyere ku inbox, ndikufuna ndiliyese Lachisanu likubwerali.