Kodi mfulu ndi wobadwa bwino kapena wopatsa?

Nabanda, Dedza

Akuluakulu, ndabwera ndi mawu amodzi amene akhala akundizunguza mutu chichokereni ku maliro a azakhali anga mwezi watha. Mwini mbumba polankhula kumanda anati malemuwo anali mfulu, ndipo okalamba onse anavomereza ndi mitu, pamene ife achinyamata tinangoyang'anana, ena akuyesa kuti wanena fulu, kanyama ka chigoba kaja. Nditafunsa madzulo ake, amalume anandiuza kuti mfulu ndi munthu wosaumira, amene mlendo sachoka pakhomo pake ndi njala. Komatu m'Baibulo, pa Agalatiya 3:28, mawu omwewa aikidwa moyang'anizana ndi kapolo, ndipo n'zosachita kufunsa kuti ufulu umene timakumbukira pa 6 Julayi chaka chilichonse kuyambira 1964 unachokera ku tsinde lomweli.

Chimene chandichititsa kuti ndisangolandira yankho la amalume ndi zimene ndawerengapo za ku India. Kumeneko munthu amabadwira m'gulu lotchedwa jati, ndipo mwa mwambo gululo ndilo linkalamula ntchito yake, womukwatira ndiponso amene angadye naye. Maguluwa ankaikidwa m'zigawo zikuluzikulu zinayi: pamwamba panali a Brahmin, kenako a Kshatriya, a Vaishya ndi a Shudra, ndipo kunja kwa onsewa kunali anthu amene lero amadzitcha a Dalit, omwe ngakhale kuwakhudza kunkayesedwa kudzidetsa. B. R. Ambedkar, amene anabadwa mu 1891 m'gulu la a Mahar, ali mwana wasukulu sankaloledwa kukhudza chotungira madzi, moti wantchito wa pasukulupo ankachita kumuthirira madziwo kuchokera m'mwamba. Mu 1927 anatsogolera anthu ake kukamwa madzi pa dziwe la boma la ku Mahad, ndipo ndi iye amene anatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dzikolo a mu 1950, omwe ndime yake ya 17 inathetsa mchitidwe wosala anthuwa. Funso langa ndi ili: pamene makolo athu ankati uyu ndi mfulu, uyo ndi kapolo, kodi ankajambula mzere wa mtundu umenewu, woti munthu amabadwira mbali imodzi ndi kufera komweko?

Phiri, Kasungu

Anabanda, amalume anu sanalakwe, koma anakupatsani tanthauzo limene linatsala ukapolo utatha. Tanthauzo lakale ndi la kubadwa, ndipo kuti mulimvetse muyenera kuyang'ana ku mbumba. Kwa ife Achewa munthu amawerengedwa kuchokera kwa mayi ake, ndipo amene amamuimira pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro ndi mtsibweni wake. Mfulu anali munthu amene ali ndi abale a kuchikazi omulankhulira. Kapolo anali munthu amene alibe abale oterowo pamudzipo, kaya chifukwa anagwidwa pa nkhondo, anagulidwa nthawi ya njala, kapena anaperekedwa ngati chikole pa mlandu umene abale ake analephera kulipira. Woperekedwa chikoleyo ankatha kuwomboledwa abale ake akapeza mbuzi kapena makasu, ndipo akabwerera kwawo ankakhalanso mfulu monga kale.

Pali chinthu china chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Amuna ena olemera ankakonda kukwatira akazi a ukapolo, popeza ana a mkazi mfulu anali a kwa mtsibweni wawo, pamene ana a mdzakazi analibe kwina kolowera ndipo ankakulitsa mudzi wa bambo wawo. Motero magazi ankasakanikirana m'nyumba imodzi, ndipo pakapita mibadwo iwiri kapena itatu zidzukuluzo zinkaoneka ngati eni mudzi. Apa mpamene tikusiyana kwambiri ndi za ku India zimene mwafotokozazo, kumene ukwati wa magulu awiri ndiwo unali choletsedwa chachikulu. Sindikufuna kuukometsa ukapolo wathuwo ayi. Malonda a minyanga ndi anthu atakula, a Jumbe atakhazikika ku Nkhotakota ndi kumawolotsa anthu pa nyanja kupita ku Kilwa, doko la ku Tanzania, oyamba kugulitsidwa pamudzi anali omwewa opanda owalankhulira.

Kupatsa kunalowa bwanji m'mawuwa? Maganizo anga ndi akuti munthu wokhala ndi nkhokwe yakeyake ndiye anali ndi mphamvu yogawira ena, pamene kapolo sakanapereka chimene sichinali chake. Anthu anazolowera kuona kupatsa ngati chizindikiro cha kubadwa bwino, ndipo ukapolo utachoka chizindikirocho chinatsala chokha.

Mwale, Bulawayo

A Phiri afotokoza bwino, koma ndikupempha kuti tisafulumire kunena kuti mzerewo unafufutika. Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo Andebele amene ndakula nawo anali ndi magulu atatu odziwika bwino. Abezansi anali mabanja amene anachoka ndi mfumu yawo Mzilikazi kummwera, abenhla anali amene anatengedwa m'njira makamaka pakati pa Asotho ndi Atswana, ndipo amahole anali eni nthaka amene anapezedwa kuno. Palibe lamulo limene limazindikira magulu amenewa lero, koma dzina lomalizali likadali chitonzo choti munthu akakutchula nacho mumakangana.

Ku Japan nkhani yake ndi yomweyo. Boma linalamula mu 1871 kuti anthu amene ankasalidwa chifukwa cha ntchito yofufuta zikopa ndi kusenda nyama zakufa akhale ofanana ndi ena onse. Koma mu 1975, patapita zaka zoposa 100, zinaululika kuti makampani ambiri ankagula mwachinsinsi buku la mayina a midzi ya anthuwa, amene amatchedwa burakumin, kuti azidziwa amene sayenera kumulemba ntchito. Anthuwa sasiyana ndi anzawo khungu, chilankhulo kapena chipembedzo, moti chowazindikiritsa chinali mudzi wobadwira basi. Tsono a Phiri, ndikufunseni mwaulemu: kwanu ku Kasungu, ufumu ukamalowedwa, kodi sipakhala nkhalamba imene imakumbukira kuti agogo a uje anabwera bwanji pamudzi?

Phiri, Kasungu

Imakhalapo, a Mwale, ndipo ndinaziona ndi maso anga ndili mnyamata. Kwathu kutchula munthu kuti ndi mdzukulu wa kapolo unali mlandu wolipira nkhuku, moti zaka zinkatha nkhaniyo osamveka, anthu akulima limodzi ndi kumwera chikho chimodzi. Koma tsiku losankha woti alowe dzina, amayi akuluakulu a mbumba atadzitsekera m'nyumba, munthu wina wanzeru ndi wokondedwa ndi mudzi wonse anadumphidwa popanda chifukwa chonenedwa pabwalo, ndipo aliyense wa msinkhu anamvetsa.

Nabanda, Dedza

Zikomo kwambiri, bambo Phiri ndi bambo Mwale. Tsopano ndayamba kukayika ngati mwini mbumba uja ankangoyamikira nsima imene azakhali ankaphikira alendo, chifukwa pali kukangana kwa munda wa kudimba pakati pa ana awo ndi banja lina la pamudzi pomwepo, ndipo a banja limenelo anali atakhala kutsogolo pamene mawuwo ankanenedwa. Loweruka likubwerali ndikupita kumudzi ku mwambo wa kumeta, ndipo ndikafunsa agogo aakazi patokha, amalume kulibe.