Akuluakulu thandizeni, bulaketi ya shock yathothoka pa Hilux yanga yokwezedwa

Bambo a Yamikani: Akuluakulu pagulu pano, usiku wathawu sindinagone. Ndili ndi Hilux Vigo double cab ya 2010, injini 2.5 D-4D. Ndinaigula yokwezedwa kale kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ngongole yake ndikubwezabe. Loweruka alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, anadzaibwereka kuti akatenge chimanga kumudzi ku Malomo. Ine ndinakana. Mayi anayamba zoti ndimadana ndi abale awo, chonsecho pamaliro a apongozi chaka chatha galimoto yomweyi ndi imene inatuta nkhuni, ufa ndi anthu, dizilo wanga, ndipo palibe anabwera kudzathokoza. Ndinapereka makiyi thanki ili yodzaza, aibweza getsi la mafuta likuyaka. Afika usiku, angoti "ikulira penapake" n'kumapita. M'mawa ndalowa pansi ndapeza chitsulo chimene shock imamangidwapo chang'ambika, shock ikungolendewera. Foni sakuyankha. Lachisanu ndili ndi ulendo wa ku Salima wokasiya katundu wa anthu, ndalama ndinalandira kale n'kulipira fizi ya mwana. Kodi chimenechi chimawotchereredwa n'kulimba, kapena galimoto yatha basi? Ndingayende nayo pang'onopang'ono kuchokera ku Area 25 mpaka kwa amakanika ku Biwi?

Achimwene Ziyaya: Pepani bwana. Yathothoka ndi ya kutsogolo kapena ya kumbuyo? Ya kumwamba ku chassis kapena ya pansi pa diff, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo? Jambulani tione.

Madala Gondwe: NDINANENA INE PAGULU PANO. Galimoto SAKWEZA. Anthu a ku Japan anakhala pansi n'kuyeza chitsulo chilichonse, inu mukubwera ndi timatabwa tachitsulo n'kumati mwaposa Toyota? Ine ndayendetsa Hilux ya injini ya 3L zaka zambirimbiri, Nthalire, Chitipa, Nyika kudzera ku Thazima, sindinathyolepo bulaketi ngakhale imodzi. Achinyamata mukufuna galimoto izioneka ngati thirakitala. Lero ndi izi.

Mayi a Tadala: Inu bambo, vuto lanu si shock. Vuto lanu ndi alamu. Galimoto ndi mkazi sabwereketsa, anatero akale. Aitanitseni ankhoswe, munthuyo alipire. Ine amuna anga anabwereketsa njinga yamoto kwa mphwawo, inabwera pa ngolo.

Aise Kabaza: Mayi a Tadala akale ake ati amenewo, anali ndi ma Hilux?

Mayi a Tadala: Iwe ukhale chete, akuluakulu akulankhula.

Jimmy 4x4: Madala Gondwe musamanamize anthu. Yanga ndi Ranger, ndinakweza mainchesi 2, ndakwera nayo Golodi kupita ku Livingstonia kangapo, palibe chinathyoka. Kukweza si tchimo. Tchimo ndi kukweza n'kusiya ma shock akale. Shock ya fakitale ili ndi polekezera pake potambasuka. Mukakweza ndi 50 mm, imakhala itatambasuka kale galimoto ili chiimire, ndiye tayala likagwa m'dzenje shock imafika kumapeto n'kukoka bulaketi ndi mphamvu yonse. Tsiku ndi tsiku kukoka, chitsulo chimatopa.

Madala Gondwe: Mwaona? Mwini wake wavomera kuti kukweza kumathyola! Ndipo iwe mwana, Ranger si galimoto yoti uzibwera nayo pokambirana za Hilux.

Jimmy 4x4: Madala werengani bwino, sindinatero.

Madala Gondwe: Ndinayamba kugwira sipanala iwe usanabadwe.

Bambo a Yamikani: Zikomo nonse. Mayi a Tadala mwanena zoona, koma ankhoswe ake ndi amalume awo a alamuwo, mlandu wake ungayende bwanji? Mnyamata amene anapita nawo wandiuza kuti anakweza matumba 24 a chimanga, pamwamba pake mbuzi ziwiri ndi anthu anayi. Ine anandiuza kuti matumba 10.

Aise Kabaza: Mbuzizo zili kuti? Gwirani mbuzi kaye bwana, ndiye chikole chimenecho.

Anganga a Ndirande: Matumba 24 a makilo 50 ndi makilo 1,200. Ngakhale single cab imanyamula cha m'ma tani imodzi, double cab ndiye yocheperapo. Ine ndimawotcherera, zaka zanga zapita pa ntchito imeneyi, ndiye mundimvere. Inde imawotchereredwa n'kulimba, ngati chassis yeniyeniyo sinadyeke ndi dzimbiri. Koma osangopaka moto pamwamba pa mng'alu. Atsuke malowo ndi grinder mpaka chitsulo chiyere, aone pamene mng'alu wathera, aboole kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire, akumbe kangalande m'mng'alumo, kenako awotcherere. Akatha aikepo chigamba cha chitsulo cha 4 kapena 5 mm chodutsa mbali zonse, makona ake ozungulira. Chigamba cha makona akuthwa chimayambitsa mng'alu wina pakona pomwepo.

Madala Gondwe: CHASSIS SAWOTCHERERA. Ku Joni kumene ndinagwirako ntchito, munthu ukayatsa moto pa chassis ya lole umachotsedwa tsiku lomwelo. Mukufuna kupha munthuyu?

Anganga a Ndirande: Madala, za malole akuluakulu n'zoona, ambiri chitsulo chake n'chokhwimitsidwa ndi moto ndipo amalembapo kuti osawotcherera. Koma apa tikunena bulaketi ya pikiapu, imene ku fakitale komweko anachita kuwotcherera.

Madala Gondwe: Ku fakitale kuli makina, si mnyamata wa pansi pa mtengo wamango wovala magalasi a dzuwa.

Achimwene Ziyaya: Bwana, ndikufunsanso. Kutsogolo kapena kumbuyo? Yankho la funso lanu loyenda mpaka ku Biwi lili pamenepo. Pa Vigo kutsogolo shock ndi spring zili pamodzi, ndiye zimene zanyamula galimoto. Ngati kwathyoka kumeneko musaiyendetse n'komwe, itanani breakdown kapena wowotcherera abwere kunyumba. Kumbuyo kuli ma spring amasamba, galimoto imaima yokha popanda shock. Mutha kumasula shock yolendewerayo kuti isadule paipi ya mabuleki, n'kuyenda pang'onopang'ono opanda katundu.

Che Mussa: Ine zinandionekera chaka chatha pa D-Max yanga. Ndinapita kukawotcheretsa chitsulo cha ekizozi basi, kanthu kakang'ono. Mnyamatayo sanachotse batire, waya wake wa earth anakaumanga kutsogolo kwenikweni pamene akuwotcherera kumbuyo. Galimoto sinalirenso. Bokosi la kompyuta linapsa, ndinakhala miyezi itatu ndikuyenda pa minibasi kudikira lina kuchokera ku Durban, ndipo mkati mwa miyezi imeneyo geni yanga ya nsomba inagwa, anthu amene ndinkawapatsira ku Limbe anapeza wina. Mpaka lero sindinabwerere mwakale. Chotsani batire, earth aimange pafupi ndi pamene akuwotcherera.

Mayi a Tadala: Pepani Che Mussa. Nanga mnyamatayo analipira?

Che Mussa: Alipira chiyani mayi, nsapato zomwe analibe.

Sipeya Zotchipa: Ma shock a Vigo, Ranger, Hardbody alipo, atsopano ndi ogwirapo ntchito. Inbox.

Jimmy 4x4: Musagule shock musanayeze. Kwezani galimoto pa chassis mpaka tayala lilendewere, yezani kuchoka pa bulaketi ya kumwamba kufika ya pansi. Shock ikatambasuka izifika pamenepo. Komanso yotalika kwambiri nayo imapha: mukanyamula katundu imatsekeka yonse mphira wa bump stop, woletsa diff kumenya chassis, usanagunde, ndiye kulemera konse kumamenya bulaketi ngati hamala. Ndi matumba 24 aja mwinanso ndi zimene zachitika. Ndipo amasintha awiri, kumanzere ndi kumanja.

Madala Gondwe: Ndalama zonsezo chifukwa chofuna kuoneka. Tsitsani galimoto ibwerere mmene Mulungu ndi Toyota anaipangira. Ndipo ndikuuzeni china chimene anyamata okwezawa sadziwa. Hilux yopanda ABS, makina oletsa matayala kukhwekhwereza pomanga mabuleki, ili ndi valavu kumbuyo yoyeza katundu, yolumikizidwa ku diff. Mukakweza osaikonza, imaona ngati galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo. Mudzatsika nayo bwanji mitsetse ya msewu wa Salima?

Jimmy 4x4: Apo pokha Madala mwanena zoona, bulaketi ya valavuyo amayenera kuikweza nayo.

Madala Gondwe: Osati apo pokha. ZONSE.

Anganga a Ndirande: Ndinaiwala. Funsani wowotchererayo ma rod amene agwiritse ntchito. Ambiri ali ndi 6013 ya mageti ndi mawindo, siilowa kwambiri m'chitsulo. Pamenepa pakufunika 7018 youma bwino, ndipo timakina tomanga tokha tija timavutika nayo. Ngati ndi kumbuyo, thanki ya dizilo, mapaipi a mabuleki ndi mawaya zili pafupi, aphimbe ndi lata ndi chiguduli chonyowa. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke ndi njerwa. Mabawuti a shock amange komaliza matayala ali pansi, apo ayi mphira zake sizichedwa kung'ambika. Ayang'anenso bulaketi ya mbali inayo, kawirikawiri imakhala itayamba kale.

Mayi a Tadala: Zonsezi alipire ndi alamu. Bambo musafewe.

Bambo a Yamikani: Akuluakulu, alamu ayankha tsopano. Akuti galimoto inali yowonongeka kale ndipo ine ndimafuna kuwaphera kumudzi. Mayi akunyumba akulira, akuti ndawachititsa manyazi polemba pagulu. Mtima ukundiwawa kwambiri chifukwa munthu ameneyu ndinamulipirira sukulu ya udalaivala ndine. Za ma shock, a Jimmy, sindinasinthepo chigulireni, alembedwa Toyota. Mawa m'mawa ndiyesa kupita nayo ku Biwi.

Jimmy 4x4: Ndiye ndi a fakitale amenewo bwana. Mukawotcherera n'kubwezera omwewo idzathyokanso.

Madala Gondwe: TSITSANI GALIMOTO.

Achimwene Ziyaya: Bambo a Yamikani, musanalize injini mawa, chonde, kutsogolo kapena kumbuyo?