Thandizeni: mfundo ya amalume yathyokera pati?

Moni nonse a pagulu. Ndili chaka choyamba ku UNZA (University of Zambia, ku Lusaka) ndipo phunziro la logic, loyesa ngati mfundo yamangidwa bwino, landizunguza mutu. Aphunzitsi analemba pa bolodi kuti nsomba zonse zimauluka, kapenta ndi nsomba, choncho kapenta amauluka. Kenako anati mfundoyi ndi valid. Bodza loonekeratu lingakhale valid bwanji?

Ndikufunsa chifukwa nkhaniyi yandipeza pakhomo. Sabata yatha K500 inasowa m'chipinda cha amalume kuno ku Mtendere. Msuweni wanga wa zaka 14, amene anabwera kuchokera ku Katete, atangomva amalume akukalipa anatuluka osavala nsapato n'kukagona kwa anansi. Amalume akuti, "Wakuba amathawa. Uyu wathawa. Wakuba ndi yemweyu." Akufuna kumukweza basi yobwerera ku Katete Loweruka. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa powagwirira.

Mphunzitsi wopuma, Chilenje:
Mwana wanga, valid imayang'ana kamangidwe kokha. Funso ndi limodzi: ziganizo ziwiri zoyambazo zitakhala zoona, kodi chachitatu chingathe kukhala chabodza? Ngati sichingathe, mfundoyo ndi valid. Aristotle, wanzeru wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankaika zilembo m'malo mwa mayina kuti kamangidweka kaonekere poyera. Ya kapenta inamangidwa bwino, koma njerwa yoyamba ndi yabodza, n'chifukwa chake si sound. Kuti ikhale sound pamafunika zonse ziwiri, kamangidwe kabwino ndi ziganizo zoona.

Ya amalume ako ndi yosiyana. Ziganizo ziwirizo mwina n'zoona, koma sizibala chachitatu. Yesa kusintha mawu, kamangidwe kakhale komweko. Mvula ikagwa, misewu ya ku Kanyama imadzaza madzi. Lero msewu wadzaza madzi, mwezi uli Ogasiti. Ndiye kuti kwagwa mvula? Ayi, mwina paipi yaphulika. M'buku lako cholakwika chimenechi chimatchedwa affirming the consequent. Mwana amathawanso poopa chikwapu.

Mayi wa ana atatu, Matero:
Aphunzitsi anena zoona, koma samala. Kugwa kwa mfundo ya amalume sikutanthauza kuti mwanayo sanabe, kungoti kuthawa pakokha si umboni. Komanso usapite kwa akuluakulu ndi mawu a ku yunivesite, adzati sukulu yakupatsa mwano. Yamba wakhala pansi ndi akazi a amalumewo. Afunse kuti ndani wina analowa m'chipindamo tsiku limenelo, ndiponso ndalamayo inaoneka komaliza nthawi yanji.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, tsopano ndagwira. Madzulo ano ndinacheza ndi akazi a amalume tikuphika nsima. Akuti tsiku limenelo kunabwera alendo awiri ndipo chitseko chinali chosakhoma. Avomera kulankhula ndi amalume kuti ulendo wa Loweruka uyambe waima. Mwanayo sanadyebe kuyambira m'mawa. Ndingamufunse bwanji zomwe zinachitika popanda kumuopseza?