Akazi anga akuti nyimbo zimene ndikumvera zikuitana maliro

A admin ndibiseni dzina chonde, muno muli abale ambiri.

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala kuno ku Mangochi, mbali ya kwa Mpondasi. Ndinakhala ku Joni zaka 6 ndikuwotcherera zitsulo. Chaka chatha, nyengo ya mwera, bambo anga anatisiya. Foni inandipeza m'mawa ndili pa ntchito, ndipo paja kwathu ndife Asilamu, dzuwa lisanalowe anali atayikidwa kale. Ine ndinakwera basi mawa lake. Ndinafika n'kupeza dothi la pamanda litayamba kuuma, anthu atabalalika, mphasa zitapindidwa. Aliyense wondipatsa moni amangoti limbani mtima, wamkulu ndinu tsopano. Ndinalimbadi. Ndinagula mpunga ndi mbuzi ya sadaka, ndinakhala pansi ndi amalume kukambirana za bwato ndi maukonde. Msozi ngakhale umodzi sunagwe.

Ku ntchito kuja kunali mnyamata wina amene ankakonda nyimbo zotchedwa funeral doom, mtundu wina wa nyimbo za magitala olemera zimene amati metal. Tinkamuseka kuti foni yake yatha batire, chifukwa nyimbo zake zimayenda ngati kaseti yotafunidwa. Usiku wina kuno magetsi atathima, tulo tosabwera, ndinazikumbukira n'kuzifufuza pa YouTube.

Kwa amene simunazimvepo, musaganize za zija zothamanga zokuwa ngati galimoto yopanda sailensa. Izi ng'oma ikagunda kamodzi, umapuma mpweya kawiri isanagundenso. Gitala amalira pansipansi, mawu amodzi kuwakoka mpaka azilala okha. Woimbayo sindinganene kuti amaimba, amabuula kuchokera m'mimba ngati mvuu mu Shire pakati pa usiku, mawu ake osamveka n'komwe. Gulu lina la ku Finland, Skepticism, limaikamo limba longa la m'tchalitchi, ndiye umamva ngati anthu anyamula bokosi akuyenda pang'onopang'ono.

Imene inandigwira ndi Mirror Reaper ya gulu la Bell Witch la ku Seattle. Ndi nyimbo imodzi yokha, mphindi 83. Usiku umenewo ndinakhala pakhonde ndi mahedifoni, udzudzu ukundidya, ndipo chapakati pake phokoso lonse linatsika, kunatsala kachingwe kamodzi kakulira. Pamenepo ndi pamene ndinawalira bambo anga, patatha miyezi inayi. Ndinalira mpaka malaya kunyowa. Mawa lake ndinagona tulo tenitenti.

Vuto ndi ili. Sabata yatha ndinaiwala kuti foni yalumikizana ndi sipika ya pabalaza. Akazi anga anadzidzimuka ndi kubuula kuja, atatenga foni anaona chithunzi cha chinthu chachitali chofunda nsalu, pansi pake mawu akuti funeral. Anatenga ana n'kukagona kwa amayi awo. Akuti ndikuitana maliro pakhomo, ndipo apongozi akufunsa ngati sindinabwere ndi zizimba kuchokera ku Joni. Ine sindinalowe chilichonse, swala ndimaswali. Koma ndikasiya nyimbozi chifuwa chimandilemeranso. Ndizisiye, ndizimvera mobisa, kapena ndiwafotokozere bwanji? Onyoza pitani nazo kutsogolo.

Chambo Wa Ku Makawa: Mphindi 83 nyimbo imodzi? Achimwene, imeneyo ndi Mangochi mpaka Liwonde pa minibasi. Bandulo yake mukuitenga kuti?

Mwana Wa Ku Namwera: Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Pepani m'bale wanga. Koma ndisakunamizeni, zimenezo sizipindulira bambo anu kalikonse. Chimene chimawafika ndi dua ndi sadaka. Pitani kwa shehe, werengani Yasin, mtima ukhala pansi. Mashehe ambiri salola n'komwe zoimbaimba za magitala, nanga izi zobuula usiku?

Mwini nkhani: Zikomo akulu. Dua ndimapanga tsiku lililonse ndipo sindisiya. Kungoti dua ndimapangira iwo. Ineyo wotsala ndi amene ndinalibe polirira.

Mayi Wa Mvano: Mwana wanga, ine ndagona m'masiwa ambiri kuposa zaka zako. Ukuganiza kuti nyimbo za usiku pamaliro timazikoka chifukwa chosadziwa kuimba? Timazikoka dala. Pamakhala namfedwa wouma m'maso, wangoti duu pakona, ndiye timatsitsa nyimbo mpaka iye atayamba kusisima, apo timadziwa kuti zatheka. Wosalira ndi amene timamuopa. Iwe maliro anakudutsa uli m'basi, ndiye wadzipezera siwa yako wekha. Chimene sindikugwirizana nacho n'chakuti siwa yakoyo ulimo wekhawekha, pakhonde, mkazi ali m'nyumba osadziwa kanthu. Maliro salira munthu mmodzi. Mkazi wako sakuopa gitala, akuopa mwamuna amene amadzuka usiku osanena chimene chikumudya.

Dona Wa Pa Boma: Ine ndili mbali ya mkaziyo. Tangoganizani, 1 koloko usiku, mdima, chinthu chikubuula pabalaza, mwamuna wangobwera kumene ku Joni. Inenso ndikanathawa, mwina osatenga ndi ana omwe.

Rasta Wa Ku Cape Maclear: Ndadabwa kupeza mnzanga muno, ndimayesa ndili ndekha dziko lonse lino. Ine anandipatsa mzungu wina amene ndinkamuperekeza pa boti. Kwa amene mukuti n'za satana, mvetserani. Muzu wake ndi Black Sabbath, anyamata a ku Birmingham amene anatulutsa chimbale choyamba mu 1970, nyimbo zolemera zoyenda mozemba. Kenako anyamata a ku Finland anazitsitsanso liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Thergothon inatulutsa chimbale chake chimodzi chokha mu 1994, Skepticism n'kutsatira mu 1995. Kuja nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira maola ochepa, ndiye musadabwe kuti oimba ake sathamanga. Zimene amaimba kwambiri ndi imfa, kusungulumwa, kuchepa kwa munthu. Kuli gulu la ku Germany, Ahab, limangoimba za nyanja ndi anamgumi basi. Ndikaimvera mwera ukuwomba, mafunde akumenya miyala, ndimamva ngati anailembera nyanja yathu ino.

Ndipo achimwene, mwina simukudziwa chifukwa chake imene mwatchulayo inakugwirani. Bell Witch ndi anthu awiri okha, wa besi ndi wa ng'oma, gitala wamba mulibe. Amene ankaimba ng'oma poyamba, Adrian Guerra, anamwalira mu 2016. Chimbale chija chinatuluka mu 2017, ndipo chapakati anaikamo mawu ake amene anajambula ali moyo. Ndiye kuti anthu aja ankalira mnzawo. Inu munakumana ndi maliro a eni ake n'kulowamo.

Sindikunena kuti magulu onse a metal ndi oyera. Alipo ena, makamaka a black metal, amene amatukwana zachipembedzo poyera. Werengani mawu a nyimbo musanaikonde.

Mwini nkhani: Aise, za womwalirayo sindimadziwa. Thupi langa lachita tsembwe.

Wa Kabaza Pa Mlatho: Inu mverani zanu pa mahedifoni, Bluetooth muzithimitsa. Nkhani yatha. Enafe tikasweka mtima timaika Lucius Banda, palibe amatithawa.

Gogo Wa Ku Malindi: Ana inu mukuona ngati mkanganowu ndi wa lero. Kuno kwathu Asilamu okhaokha anakangana zaka zambiri pa nkhani yomweyi. A Kadiriya amaperekeza maliro ndi sikiri, kupuma mwamphamvu ndi kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza mpaka thupi lonse kugwedezeka. A Sukuti amati ayi, maliro ayende mwakachetechete. Mabanja anasiyana mizikiti chifukwa cha zimenezi. Ndiye funso loti chisoni chizimveka kapena chikhale chete silinayambe ndi foni yako. Ine zako zachizunguzo sindizidziwa ndipo sindizifuna. Koma ndikufunse, kumanda kwa bambo ako unapitanso chifikire tsiku lija?

Mwini nkhani: Ayi agogo. Ndimadutsa njira ina.

Gogo Wa Ku Malindi: Ndiye yambira pamenepo. Uwatenge amalume ako.

Namwino Wopuma: Funso langa ndi limodzi. Mukamaliza kumvera, mumadzuka opepukidwa kapena mumamira? Ngati mukugona bwino, mukudya, mukugwira ntchito, nyimbozo zikukuthandizani kutulutsa. Koma ngati mwayamba kudzipatula, kuwonda, kapena kubwera maganizo oti bola kuwatsatira bambo, musadikire. Pitani ku chipatala cha boma mukafunse oona za maganizo, kapena uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe. Amuna ambiri tawataya chifukwa cha mawu omwewa akuti limbani mtima.

Mwini nkhani: Amayi, ndimadzuka wopepukidwa. Maganizo amenewo sanandifikepo, koma ndamva.

Dona Wa Pa Boma: Ndiye apongoziwo muwatani? Paja nkhani ya zizimba ikalowa m'mudzi situluka.

Mayi Wa Mvano: Apongozi asiyireni ankhoswe. Iye ayambe ndi mkazi wake, masana, osati usiku.

Mwini nkhani: Ndabweranso abale. Dzulo madzulo ndinapita kukawatenga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, ndinawauza zonse, za basi, za dothi louma lija, za pakhonde. Analira iwo kuposa ine, akuti amaganiza kuti imfa ya bambo sinandikhudze. Kenako ndinawapatsa hedifoni imodzi, ina ine. Anamvera mwina mphindi khumi, nkhope itakwinyika, n'kundifunsa kuti, "Ndiye nyimboyo iyamba nthawi yanji?" Akuti m'nyumba asaimvenso, chithunzi chija ndichotse pa foni, ndipo ndikadzuka usiku ndiziwadzutsa. Apongozi sanandiyankhebe moni. Kumanda tipita Lachisanu ndi amalume tikachoka ku Juma.

Chambo Wa Ku Makawa: Za bandulo simunandiyankhe.